Kulira kwa Mayi Dziko

Ntchito ya Chisamba inali mawu. Nkhope yake ankaidziwa anthu ochepa, koma akangotsegula pakamwa m'basi kuuza kondakitala potsikira, mitu inkatembenuka. Pa wayilesi pomwe ankagwira ntchito ankawerenga malonda: sopo, matayala, mankhwala otsukira mano, sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto. Dzina loti Chisamba anamupatsa bambo ake poti ndiye anayamba kubadwa, ndipo mng'ono wake ankangotchedwa Mzime. Pakati pa awiriwa panalibe wina. Bambowo ankakonda kunena kuti iwo anabereka chiyambi ndi mathero, zapakatizo anasiyira anzawo amphamvu.

Tsiku lina mkulu wa mapulogalamu anamuitanira m'chipinda chojambuliramo mawu. Anthu a pa wayilesipo ankamutchula mkuluyu kuti Bwana Mphindi, chifukwa aliyense womufuna ankamuyankha kuti “mphindi imodzi,” n'kusowa mpaka madzulo. Chipindacho chinali chaching'ono ngati bafa. Makoma ake anamatamo masiponji otuwa, mahedifoni anali omanga ndi tepi yakuda, ndipo pamwamba pa chitseko panali nyale yofiira imene ikayaka, ngakhale kutsokomola kunali mlandu.

Bwana Mphindi anamupatsa pepala. Chisamba anaima pa maikolofoni n'kuwerenga:

“Ana anga, ndine mayi wanu, Dziko. Ndinakuyamwitsani, ndinakuberekani kumsana. Lero mwandivula, mwandisiya pambalambanda. Amayi anzanga, mbaula zanu zikunditentha. Siyani makala, siyani nkhuni. Komabe ine ndine mayi, ndimakhululuka.”

“Mphindi imodzi, chemwali,” anatero Bwana Mphindi kuseri kwa galasi. “Mukuwerenga ngati mukutsatsa matayala. Mayi ameneyu wapwetekedwa. Tamulizeni.”

Kulira kwa pa maikolofoni Chisamba ankakudziwa. Sikufuna chisoni ayi. Umangomeza mpweya pang'ono, n'kunjenjemeretsa mlomo wam'munsi, mawu omaliza n'kuwasiya athere pakhosi. Anachita zomwezo, maganizo ali pa nsapato imene inkamuthina. Bwana Mphindi anaomba m'manja. Kumapeto kwa uthengawo anaikako mawu a mwamuna, okhuthala ndi odekha: “Uthengawu wakufikirani mothandizidwa ndi fakitale ya simenti, bwenzi la chilengedwe.”

Uthengawo unatchuka kuposa nyimbo. Ana ankauyeserera popita kusukulu. Mwamuna akachedwa kumowa, mkazi wake ankamulandira ndi “ine ndine mayi, ndimakhululuka,” chitseko atakhoma. Pasanapite nthawi dzina loti Chisamba linasowa. Kuntchito, kumsika, ngakhale kutchalitchi, anali Mayi Dziko. Iye sankadana nazo. Kwa zaka zambiri anali mawu opanda mwini, tsopano anthu ankamusungira malo pa benchi.

Amene ananyada kuposa onse anali bambo ake. Iwo anali ometa tsitsi, ndipo kanyumba kawo kometeramo kanali m'mphepete mwa msewu wotsika kuchokera pa geti la fakitale ya simenti ija. Munali mpando umodzi wozungulira, benchi, galasi long'aluka pangodya ndi wayilesi pa shelefu. Uthenga uja ukayamba ankazimitsa makina, munthu atametedwa mbali imodzi.

“Chete nonse! Mwana wanga akulira.”

Fumbi m'kanyumbamo linali ngati wachibale. Galasi ankalipukuta m'mawa, pofika masana munthu ankatha kulembapo dzina ndi chala. Malole akamadutsa, benchi yonse inkatsinzina. Makasitomala ankabwera mitu ili mbuu, ndipo bambowo ankawatonthoza kuti imvi za dera lino n'zabwino, zimachoka ndi madzi. Akatero ankaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, iwo n'kugwira mpando mpaka chitadutsa. Kunyumba kwawo, kuseri kwa msewu womwewo, zovala zoyera sankayanika panja.

Mzime anabwera kuchokera kukoleji nyengo yotentha itayamba. Anali m'chaka chomaliza, ndipo ankalemba kafukufuku wa mmene mawayilesi ndi nyuzipepala amayankhulira za chilengedwe. Nkhani za pa wayilesi ankazijambula pa foni, n'kumazibwereza mpaka Chisamba mutu kumupweteka. Lamlungu lina masana, Chisamba akusita malaya a bambo awo pabalaza, Mzime anakhala pansi, nyuzipepala zakale atazimwaza mozungulira miyendo.

“Achemwali, tamvani ichi. ‘Amayi akutha nkhalango.’ Akutha nkhalango ndani?”

“Wawerenga wekha. Amayi.”

“Chabwino. Nanga ichi: ‘Mpweya waipitsidwa m'madera ena a mumzinda.’ Wauipitsa ndani?”

“Sananene.”

“Sananene. Ichinso: ‘Fumbi lawonjezeka.’ Lawonjezeka lokha, ngati udzu. ‘Mtsinje wapezeka ndi mafuta.’ Kukhala ngati mtsinjewo ndi umene wagwidwa ukuba. Ndawerenga nkhani za zaka zingapo, achemwali, zonse n'chimodzimodzi. Akalakwa mayi wa mbaula, amamuika kutsogolo kwa chiganizo, chithunzi chake pamwamba, mtolo wa nkhuni pamutu. Ikalakwa kampani, mawu amavala ‘idwa’ kumapeto, wochitayo n'kuzembera kuseri. Kampani imangoonekera pamene ikupereka: yapereka mbande, yapereka mabini, yapereka mipira.”

“Ndiye kukoleji unapitira zimenezi? Kukasaka ‘idwa’?”

Mzime anaseka, koma sanasiye. “Wanu uja ndiye chimake.”

“Wanga uti?”

“Mayi Dziko. Bwanji sanati Bambo Dziko? Bambo akapwetekedwa amapita kupolisi, amafuna loya. Mayi amalira, kenako n'kukaphika. Olemba uthengawo ankafuna munthu woti ukamupweteka amakhululuka usanapepese. Ndiye mayiyo akati aloze chala, akuloza amayi anzake. Chumuni cha fakitale chija chikufuka tsiku lonse pamwamba pathu, koma mu uthenga monse fakitale yatchulidwa kamodzi, ndipo ndi bwenzi.”

Chisamba anaimika simbi. “Ine ndinangowerenga zimene anandipatsa.”

“Sindikukunenani inu.”

“Ukundinena. Mawuwo ndi anga. Kukoleji ukunyadira nakoko wakufikitsa ndi kulira komweko.”

Mzime anawerama n'kuyamba kusonkhanitsa nyuzipepala. Koma kuyambira tsiku limenelo Chisamba anali ngati munthu amene wauzidwa kuti wotchi ya pakhoma imagunda, ndiye sakuthanso kusiya kuimva. Nkhani zikamawerengedwa kuntchito, khutu lake linkangosaka wochita, n'kumusowa.

Bambo awo anagwa m'mawa wina makina ali m'manja. Anawanyamula ndi kasitomala amene ankametedwayo, nsalu yometera idakali m'khosi. Kuchipatala anawagoneka pa bedi la pafupi ndi zenera n'kuwaika kapaipi ka mpweya m'mphuno. Dokotala anali mwamuna wotopa, wa maso ofiira. Anakweza chithunzi cha m'chifuwa pa kuwala kwa zenera, n'kuwaonetsa ana awiriwo timadontho toyera tomwazika paliponse.

“Mapapo awonongeka,” anatero.

“Awonongeka, kapena awonongedwa?” anafunsa Mzime.

Chisamba anamutsina pamkono. Dokotala anamuyang'ana mtsikanayo, koma sanakwiye.

“Ine ndimaona mapapo, chemwali. Amene wawawononga chithunzi sichionetsa. Bambowa amasuta?”

“Sanasutepo.”

“Amagwira ntchito mufakitale?”

“Ayi, amameta tsitsi pafupi ndi geti.”

“Ndiye si antchito awo.” Dokotala anakanda pachipumi ndi cholembera. “Kunyumba mumaphikira chiyani?”

“Magetsi,” anatero Chisamba. “Akazima, makala.”

Dokotala anagwedeza mutu n'kulemba. Chisamba analiona dzanjalo likulemba mawu omaliza okhawo, makala, ndipo anafuna kuligwira, koma anangofinya chikwama chake. “Asabwererenso kufumbi,” anatero dokotala potuluka. “Mankhwala achepetsa kubanika. Kubweza zimene zapita sitingathe.”

Sabata imeneyo amayi a mumsewu mwawo anapita pa geti la fakitale. Analibe mtsogoleri weniweni. Ena ananyamula zovala za ana zimene zinatuwira pa chingwe, ena anabereka ana otsokomolawo, n'kukaima padzuwa. Mzime anapita nawo. Onse anaima mpaka masana geti osatsegulidwa, kenako mlonda anawapatsa madzi akumwa m'chigubu, iwo n'kubalalika kukatenga ana ena kusukulu. Madzulo ake Chisamba anaimva nkhaniyo ali m'khonde la kuntchito, kuchokera pa sipika ya kudenga: “Amayi ena olusa anachita phokoso pa geti la fakitale ya simenti lero, zomwe zinachedwetsa malole. Mneneri wa fakitaleyi wafotokoza kuti nkhawa zonse zikuunikidwa.” Nkhaniyo itangotha anamva mawu ake omwe: “Ana anga, ndine mayi wanu.”

Anakhala pansi pa masitepe mpaka uthengawo utatha.

Mawa lake anamudikirira Bwana Mphindi pakhomo pa ofesi, ndipo atamva “mphindi imodzi” analowa naye limodzi. Anali ndi mawu atsopano amene anakonza ndi Mzime atakhala pa benchi ya kuchipatala. Mayi Dziko watsopanoyu ankanenabe za makala, koma ankanenanso kuti, “Fakitale ikuthira fumbi m'mapapo mwa ana anga.”

Bwana Mphindi anawerenga n'kuvula magalasi. Sanali munthu woipa mtima. Anafunsa za bambo aja, anafunsa wodi imene agonekedwa, ndipo nkhope yake inagwadi.

“Koma chemwali, izi sizingatuluke. Mayi saloza chala. Anthu amamukonda chifukwa ndi wofatsa. Mukamupatsa ukali asanduka mayi wolongolola wa pampopi, ndiye amumvera ndani? Komanso mukudziwa amene amatidyetsa pa wayilesi pano.”

“Ndiye ndichotseni. Ikani wina.”

“Mawuwo tinajambula kale, ndi a wayilesi. Ngakhale mutasamukira kumwezi, Mayi Dziko azilirabe.” Anamubwezera pepala lija mofatsa. “Tamverani. Lachisanu a Dzukani ali ndi pulogalamu yapadera ya zachilengedwe. Mneneri wa fakitale abwera. Bweraninso inu, mutengane ndi mng'ono wanu wophunzirayo. Mukayankhule mwaulemu, anthu amve mbali zonse. Kuposa apo sindingathe.”

A Dzukani anali muulutsi wa pulogalamu ya m'mawa, ndipo dzinali linachokera pa mfuu imene ankayambira tsiku lililonse. Anali aafupi, ansangala, okhoza kuseka ndi kuyang'ana wotchi nthawi imodzi. Lachisanulo onse anakhala mozungulira tebulo la mu situdiyo yaikulu. Mneneri wa fakitale anavala suti yotuwa, ndipo anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Mzime anabwera ndi mapepala ake atawapinda bwino, ndipo m'basi monse ankayeserera chiganizo chake choyamba.

Nyale yofiira inayaka.

“Dzukani, dzukani! Lero m'nyumba muno mwadzaza. Kudzanja langa lamanja kuli katswiri wa zachilengedwe wochokera ku fakitale yathu ya simenti. Kumanzere kuli kamtsikana kokongola ka kukoleji, anyamata mukanakaona bwenzi mutataya tiyi. Ndipo pakati pathu pali mayi wa tonse, Mayi Dziko mwini wake!”

Anayamba ndi mneneri. Mneneriyo anayankhula bwino, mosathamanga. Anati zipangizo zatsopano zosefera fumbi zaitanitsidwa, malamulo akutsatidwa, madandaulo alandiridwa. Mzime ankalemba timizere pa pepala mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola. Itafika nthawi yake, mawu anamutuluka mothamanga. Anafotokoza za wochita ndi wochitiridwa m'chiganizo, anawerenga mitu ya nkhani imene anabwera nayo, anafunsa chifukwa chake amayi a pa geti anali “olusa” pamene bambo wa suti “anafotokoza.”

“Eee, sukulu ndi yabwino!” anamudula a Dzukani akuseka. “Ife tinathawa galamala, lero yatipeza pa wayilesi. Koma chemwali, funso la omvera ndi ili: mwaphunzira chonchi, adzakukwatirani ndani? Mwamuna akati ‘mbale yasweka,’ inu muziti ‘waiswa ndani?’”

Mneneri anaseka mwaulemu. Kuseri kwa galasi oyendetsa makina anagwa nako kuseka. Mzime anatsegula pakamwa, koma a Dzukani anali atatembenuka kale.

“Mayi Dziko, ana anu akudikira. Tatilirireniko pang'ono, tiyambe bwino tsiku.”

“Lero sindinabwere ngati Mayi Dziko,” anatero Chisamba. “Ndabwera ngati mwana wa munthu.” Mawu ake anali atawakonza bwinobwino, mwadongosolo, opanda ukali. “Bambo anga ndi ometa tsitsi. Akhala akumeta anthu pa msewu wa ku fakitale kuyambira ine ndisanabadwe. Sanasutepo fodya. Lero ali m'chipatala, akupumira kapaipi. Fumbi limene lili m'chifuwa mwawo silinachokere pa mbaula. Likuchokera pa chumuni cha fakitale, ndipo aliyense wa mumsewu mwathu akudziwa. Dzulo anandipempha kuti ndiwathandize kukhala tsonga, ndipo nditawagwira...”

Pamenepo mawu anakana. Anakumbukira kupepuka kwa bambo ake, ndi nthiti zimene anazimva m'manja mwake kudutsa malaya. Anayesa kumeza, anayesa njira zonse za ntchito yake, koma chimene chinatuluka sichinali chophunzira. Kunali kulira kosakongola, kwa m'mimba, kokoka mamina. “Akubanika,” anatero. “Akulephera kupuma. Chonde, akulephera kupuma.”

Kenako a Dzukani anayankhula ndi mawu otsika, a pamaliro. “Mwamva nokha, okondedwa omvera. Dziko likulira. Tiyeni tonse, aliyense payekha, tisamale chilengedwe. Tiyambe tamva uthenga uwu.”

Mafoni anayamba kulira. Mayi wina anati walira naye limodzi ali kukhitchini, ndipo mbaula yake aitaya lero lomwe. Bambo wina anati mayi ameneyu ndi waluso, apatsidwe mphoto. Wina anafunsa ngati kamtsikana ka kukoleji kali ndi foni. Mmodzi yekha, wa mawu okalamba, anayamba kuti, “Za fumbi zimene wanena mwanayo,” koma foni inaduka, kaya yokha kaya ayi, ndipo nthawi inali itatha. Potuluka mneneri anamugwira Chisamba dzanja, n'kunena kuti wakhudzidwa kwambiri ndipo nkhani ya bambowo iperekedwa kwa oyenera.

Ana awiriwo anayenda mpaka pa siteji ya basi. Atafika, Mzime anang'amba pepala lake lobooka lija pakati, anasowa potaya, n'kulibwezera m'chikwama.

Patapita masabata angapo, Chisamba ali pa mzere wa mankhwala kuchipatala, wayilesi ya pa zenera la wopereka mankhwala inatulutsa uthenga watsopano. Unayamba ndi mawu akale aja, “Ana anga.” Kenako kunabwera kulira kumene iye sanakuyesererepo, kwa m'mimba kuja, ndi mawu akuti, “akubanika. Akulephera kupuma. Chonde.” Anadula mwaluso, osasiya msoko. Bambo ake anawachotsamo, chumuni anachichotsamo. Ulemu umene iye anapereka kwa bambo ake ponena kuti “akubanika” unakwana ndendende pa “ana anga.” Pambuyo pake panabwera “Amayi anzanga, mbaula zanu zikunditentha,” kenako mwamuna wodekha uja ndi bwenzi la chilengedwe.

Mayi amene anali patsogolo pake anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. “Koma mayi ameneyu amandikhudza,” anatero, osadziwa amene akumuuza.

Chisamba anachoka pa mzere mankhwala osatenga. Anakwera basi mpaka kuntchito, n'kulowa mu ofesi ya Bwana Mphindi osagogoda. Bwanayo anaimirira.

“Ndikudziwa, chemwali. Sindinali ndekha. Eni uthenga anaimva pulogalamu ija, anati kulira kumene kuja ndiye kwenikweni, akukufuna. Zonse zonenedwa mu situdiyo ndi za wayilesi, inunso mukudziwa.”

“Amene aja ndi bambo anga.”

“Palibe amene angadziwe zimenezo.”

“N'chimene ndikunena.”

Bwana Mphindi anayang'ana pa tebulo. Anasuntha kapu, n'kuibwezera pomwe inali. Chisamba anadikira kuti mwina anene china, koma foni inalira, ndipo bwanayo anaithamangira ngati yabwera kudzamupulumutsa.

Anabwerera kuchipatala nthawi yoona odwala itayamba. Bambo ake anawapeza atatsamira pilo, maso akuwala. Za pulogalamu ya Lachisanu lija panalibe amene anawauza, chifukwa tsikulo anali osadziwa kunja, koma wodwala wa bedi loyandikana ndi lawo anali ndi kawayilesi.

“Uthenga watsopano uja ndaumva,” anatero bambowo, akupumira pakati pa mawu. “Wakale unali wabwino. Koma uwu, mwana wanga, walira ngati zenizeni. Anesi onse ndawauza kuti ameneyo ndi wanga woyamba.”

Chisamba anaganiza zowauza. Anasowa poyambira, komanso sanaone chimene kuwauzako kukanawapatsa. Anawakonzera bulangete kumapazi.

“Zikomo, ababa.”

Chisamba anayesa njira zina. Loya wa bungwe lina lothandiza anthu anamumvetsera mwachifundo, n'kumuuza kuti mlandu wotere umatenga zaka, ndipo pangafunike dokotala woti aime n'kunena kuti fumbilo ndi la fakitale. Mtolankhani wa nyuzipepala anabwera kunyumba, anamva zonse, anajambula chithunzi. Nkhani inatuluka pa tsamba la zisangalalo, mutu wake uli wakuti “Mayi Dziko akhetsa misozi yeniyeni,” ndipo theka lake linkakamba za diresi limene anavala ndi chifukwa chake sanakwatiwe. Mzime anaidula nkhaniyo n'kuiika m'mutu womaliza wa kafukufuku wake. Aphunzitsi ake anati ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Mzime anakhoza bwino, ndipo ntchito yakeyo anaikuta ndi chikuto chakuda n'kuiika pa shelefu mu laibulale ya koleji.

Ntchito Chisamba sanasiye. Anaganizapo kangapo, koma matenda a bambo ake sakanadikira kuti mtima wake ukhale pansi. Anabwerera m'kachipinda ka masiponji kaja, kukawerenga za sopo ndi matayala. Anangopempha kuti sipika ya m'khonde aichepetse, ndipo anaichepetsadi kwa masiku ochepa.

Bambowo atatuluka m'chipatala, banja linagwirizana zoti akakhale kwa mlongo wawo, azakhali a anawo, kutsidya lina la mzinda kumene fumbi silifika kwenikweni. Kanyumba kometeramo anakasiyira munthu wina wogulitsa zitsulo zakale. Kwa azakhali anawapatsa chipinda chakumbuyo, choyang'ana khoma la oyandikana nawo. Munthu amene moyo wake wonse anazolowera benchi yodzaza ndi anthu otsutsana za mpira, tsopano ankakhala pa bedi kumvetsera mapazi a odutsa kuseri kwa khoma.

Loweruka lina Chisamba anawapeza ndevu zitamera mpaka m'khosi. Manja awo anali atayamba kunjenjemera chifukwa cha mankhwala, ndipo ankakana kuti wometa wina aliyense awakhudze.

“Ana a masiku ano amameta ngati akulima,” anatero. “Tenga lezala m'chikwamamo. Undimete iwe.”

“Sindinametepo munthu, ababa.”

“Ndizikuuza ine. Madzi ofunda, sopo, ndipo usathamange.”

Anawakhazika pampando kuseri kwa nyumba n'kuwakulunga thaulo m'khosi. Iwo ankalangiza ndi chala: koka khungu apa, tsata kumene ndevu zagonera, pukuta lezala. Chifuwa chikabwera, Chisamba ankachotsa dzanja msanga n'kudikira, lezala lili m'mwamba, mpaka mapewa awo atakhazikika. Pansi pa khungu lopyapyala la m'khosi ankaona mtsempha ukugunda mofulumira.

“Wasiya pansi pa chibwano,” anatero bambowo maso atatseka. “Ndikumva ndi mphepo.”

Anawerama n'kumeta pamene panatsalapo. Anawacheka pang'ono pafupi ndi khutu, kadontho ka magazi n'kutulukira pa thovu. Bambowo sanadandaule. Anati kwa munthu wongoyamba kumene si zoipa, ndipo abwerenso Loweruka linalo. Anafuna kuimirira okha, anagwira mpando, koma mpweya unali utawathera. Chisamba anaika lezala pansi, anawalowetsa mkono kukhwapa, n'kuitana azakhali kuti adzagwire mbali inayo.